Nyali Yopempha Njira

Moto ndi bwenzi la munthu, komanso ndi mdani woopsa. Umapsetsa nsima ndi kupirikitsa chisanu, koma ukalusa sudziŵa mwini nyumba. N'chifukwa chake kuyambira kalekale anthu akamva mfuu yakuti nyumba ikupsa, amasiya zonse nathamangira komweko, wina atanyamula ndowa, wina nthambi zaziŵisi. Palibe amene amayamba wafunsa za malipiro. Akuluakulu adati, "Mnzako akapsa ndevu mzimire, maŵa adzazima zako."

Mtima wothandizana woterewu ulipo m'maiko ambiri. Ku United States, dziko lalikulu la ku America, anthu adakhazikitsa magulu ogwira ntchito imeneyi. M'chaka cha 1736, munthu wina wotchuka, dzina lake Benjamin Franklin, adasonkhanitsa anzake pafupifupi 30 mumzinda wa Philadelphia, nayambitsa gulu lozimitsa moto. Aliyense wa iwo ankasunga kunyumba kwake ndowa zachikopa zotungira madzi, ndiponso matumba opulumutsiramo katundu. Ntchitoyo ankaigwira mongodzipereka, popanda malipiro.

Mwambo umenewu sudathe. M'chaka cha 2020 ozimitsa moto m'dzikomo adalipo oposa 1,000,000, ndipo pa anthu 100 alionse, 65 adali odzipereka. Mizinda ikuluikulu ili ndi ozimitsa moto olembedwa ntchito, amene amakhala pamalo awo usana ndi usiku. Koma m'midzi ndi m'matauni aang'ono, ozimitsa moto ndi alimi, aphunzitsi, amisiri ndi ogulitsa m'masitolo, amuna ndi akazi omwe. Enanso amadzipereka kuyendetsa maambulasi ndi kupereka chithandizo choyamba kwa odwala ndi ovulala.

Anthu ameneŵa amaloledwa kuika kanyali kothwanima pamagalimoto awo. Kanyali kameneka kali ndi malamulo ake. Ena amaŵaona malamulowo ngati okhwima kwambiri, koma munthu akaŵalingalira mofatsa amapeza kuti ndi anzeru, ndipo ayenera kusungidwa.

Vuto la wodzipereka

Wozimitsa moto wolembedwa ntchito akamva belu, amangovala zovala zake n'kukwera galimoto yaikulu yofiira imene ili pafupi pomwepo. Wodzipereka sali choncho. Uthenga umampeza kulikonse: ali m'khola kukama ng'ombe, ali m'sitolo, kapena ali m'tulo pakati pa usiku. Amayenda ndi kawailesi kakang'ono m'thumba, ndipo kakalira amadziŵa kuti kwina kwagwa ngozi. Pamenepo ayenera kukwera galimoto yakeyake ndi kupita kunyumba yosungirako magalimoto ozimitsa moto, kapena kumalo a ngoziyo.

Apa ndipo pagona vuto. Galimoto yake ndi yofanana ndi galimoto ina iliyonse. Anthu ena pamseu sangadziŵe kuti m'katimo muli munthu amene akupita kukapulumutsa moyo. Angathe kuchedwa kumbuyo kwa thirakitala kapena lole yolemedwa ndi katundu, pamene kutsogoloko nyumba ikunka ipsa. Nyali yothwanima idaikidwa kuti anthu azimzindikira munthu wotere.

Dziko la United States lili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi malamulo akeake a pamseu. Chimodzi mwa zigawozi ndi New York. Anthu ambiri akamva dzina limeneli amaganiza za mzinda wa nyumba zosanja zitalizitali. Koma chigawo cha New York n'chachikulu koposa mzindawo. Chili ndi mapiri, nkhalango, minda ya maapozi ndi makola a ng'ombe zamkaka. Magulu ambiri ozimitsa moto kumeneko ndi a anthu odzipereka.

Malamulo a nyali ku New York

M'chigawo chimenechi mtundu uliwonse wa nyali uli ndi tanthauzo lake. Nyali yofiira ndi ya magalimoto a apolisi, maambulasi ndi magalimoto ozimitsa moto. Magalimoto ameneŵa alinso ndi sayirini, ndiko kuti lipenga lolira mokweza ndi motsitsa. Akamabwera atayatsa nyali ndi kuliza sayirini, lamulo limakakamiza aliyense kupatuka. Nyali yachikasu ndi ya magalimoto okonza mseu ndi okoka magalimoto oonongeka, ndipo ntchito yake ndi kuchenjeza chabe. Koma galimoto wamba ikamabwera ndi nyali yabuluu kutsogolo, muli wozimitsa moto wodzipereka. Ikamabwera ndi nyali yobiriŵira, muli wodzipereka wa gulu la ambulasi.

Lamulo loyamba ndi lakuti munthu sangangogula nyali n'kuiika pagalimoto yake. Ayenera kukhala ndi chilolezo cholembedwa ndi mkulu wa gulu lake. Mkuluyo ali ndi mphamvu yolanda chilolezocho nthaŵi ina iliyonse, akaona kuti mwiniyo sakuchita bwino.

Lamulo lachiŵiri ndi lakuti nyaliyo iziyaka pokhapokha mwini wake ali pantchito ya ngozi. Si yoyatsa pochokera kumsika, popita kuukwati, kapena pamene munthu wachedwa kuntchito. Mbale wake akabwereka galimotoyo, nyali ikhale yozima.

Lamulo lachitatu ndi lakuti nyali ikhale imodzi, ndipo pasakhale sayirini. Nyali yofiira ndi sayirini pagalimoto ya munthu zimaloledwa kwa mkulu wa gulu ndi achiŵiri ake.

Lamulo lachinayi ndilo lalikulu koposa onse. Nyali yabuluu kapena yobiriŵira siipatsa woyendetsa ufulu wophwanya lamulo lina lililonse la pamseu. Maloboti akafiira ayenera kuima. Chikwangwani chikanena kuti aime, aime ndithu. Asapitirire liŵiro loikika. Basi ya ana a sukulu ikaima n'kuyatsa nyali zake zofiira kuti ana atsike, iyenso aime monga wina aliyense. Ndiponso oyendetsa magalimoto ena sakakamizidwa kumpatsa njira. Amampatsa mwa kufuna kwawo.

Nyali imeneyi, tsono, ili ngati mau akuti "Odi." Mlendo akafika pakhomo pa munthu amanena odi, kenaka amaima n'kudikira kufikira mwini nyumba atamuyankha. Ngakhale ali ndi uthenga wofulumira chotani, sakankha chitseko. Nyali yofiira ndi sayirini zimalamula kuti, "Patukani!" Koma nyali ya wodzipereka imapempha kuti, "Zikomo, ndidutse nawo."

Zonena za otsutsa

Alipo anthu amene sagwirizana ndi malamulo ameneŵa. Iwo amati moto sudikira munthu. Kamoto kakang'ono kangathe kudzaza chipinda chonse m'mphindi zoŵerengeka. Amanenanso kuti mtima wa munthu ukaleka kugunda, ubongo wake umayamba kuonongeka pakangopita mphindi 4 kufikira 6. Nanga bwanji munthu wopita kukathandiza aziima pamaloboti ngati wopita kukacheza? Iwo amakumbutsa kuti m'zigawo zina za dziko lomwelo odzipereka amaloledwa nyali yofiira ndi sayirini.

Mau ameneŵa si opanda pake. Amachokera mumtima wachifundo, ndipo n'zoona kuti mphindi imodzi ingathe kupulumutsa moyo. Komabe pali zifukwa zazikulu zosonyeza kuti lamulo la ku New York lili bwino.

Chifukwa choyamba ndi chakuti liŵiro limapulumutsa nthaŵi yochepa kuposa m'mene anthu amaganizira. Masamu ake ndi apafupi. Munthu wokhala pamtunda wa makilomita 6 kuchokera kunyumba ya ozimitsa moto, akayenda pa liŵiro la makilomita 60 pa ola, amafika m'mphindi 6. Akathamanga pa liŵiro la makilomita 90 pa ola, amafika m'mphindi 4. Wapindula mphindi 2 zokha. Koma pofuna mphindi ziŵirizo waika pachiswe moyo wake ndi wa aliyense amene wakumana naye panjira.

Chifukwa chachiŵiri ndi chakuti galimoto siima pomwepo ngati munthu woyenda pansi. Woyendetsa akaona choopsa, papita kanthaŵi kuti phazi lake lifike pamabuleki, ndipo mabulekiwo akagwira, galimoto imapitabe patsogolo. Buku la malamulo a pamseu la ku Britain limaphunzitsa kuti galimoto yoyenda makilomita 48 pa ola imafuna mamita 23 kuti iime. Yoyenda makilomita 96 pa ola imafuna mamita 73. Liŵiro langoonjezeka kaŵiri, koma mtunda woimira waonjezeka koposa katatu. Mseu ukanyowa mtundawo umatalika kaŵiri, ndipo madzi akaundana pamseu ungathe kutalika kakhumi. Ku New York nyengo yozizira ndi yoopsa. Kumadera a kufupi ndi mzinda wa Buffalo kumagwa chipale chambiri, ndipo miseu imaterera ngati therere. Nyali ingathwanime chotani, siingathandize matayala kugwira pansi.

Chifukwa chachitatu ndi chakuti kanyali kamodzi sikaoneka msanga. Galimoto yozimitsa moto ndi yaikulu, yofiira, ya nyali zambiri, ndipo kulira kwake kumamveka kutali. Galimoto ya wodzipereka ndi yaing'ono ndi yachete. Masana dzuŵa likaŵala, kanyali kake kamazimirira. Woyendetsa wina amene akuchokera m'mbali pamphambano, maloboti atamlola kupita, sangaganize kuti wina adutsa patsogolo pake. Mwana amene akuoloka mseu sangadziŵenso. Pamphambano ndiye pamene ngozi zoopsa zimakonda kuchitika, chifukwa galimoto imodzi imagunda inzake m'nthiti, pamene palibe chitsulo chambiri choteteza anthu.

Chifukwa chachinayi ndi chakuti uthenga wa ngozi suitana munthu mmodzi. Mawailesi onse amalira nthaŵi imodzi. Wina akutuluka kum'maŵa kwa mudzi, wina kumadzulo, wina kumpoto, ndipo onse akuloŵera kunyumba imodzi. Aliyense wa iwo atakhala ndi ufulu wodutsa osaima, aŵiri angathe kufika pamphambano imodzi nthaŵi yomweyo, yense akukhulupirira kuti njira ndi yake. Lamulo lakuti onse aziima limaŵateteza ngakhale kwa anzawo omwe.

Chifukwa chachisanu chili mumtima mwa woyendetsayo. Munthu amene wadzidzimuka kutulo n'kumva kuti nyumba ya mnansi wake ikupsa, mtima wake umagunda kwambiri. Maganizo ake amakhala atafika kale kumotoko, thupi lokha lili pachiongolero. Munthu wotere saona bwino zam'mbali, ndipo sazindikira kuti phazi lake likupondereza mafuta. Nthaŵi yotere ndiyo imene munthu amasoŵa lamulo lomugwira dzanja.

Zimenezi si nkhambakamwa. Ku United States, ngozi za pamseu ndi chimodzi mwa zinthu zazikulu zimene zimapha ozimitsa moto ali pantchito. Ena mwa iwo amafa moto asanauone n'komwe, ali m'galimoto zawozawo. Ndipo wodzipereka akachita ngozi panjira, tsoka limakhala paŵiri. Kumoto kuja kwapereŵera munthu mmodzi. Anzake ayenera kugaŵikana, ena kumoto, ena kukamtola iyeyo. Ambulasi imene ikadanyamula wopsa ndi moto yanyamula wothandiza. Paja adati kuthamanga sikufika.

Ngakhale oyendetsa magalimoto a nyali zofiira ndi sayirini sali omasuka kotheratu. Lamulo la ku New York limaŵalola kudutsa maloboti ofiira, koma atayamba achepetsa liŵiro ndi kuona kuti njira ili bwino. Akayendetsa mosasamala za miyoyo ya ena, nyali zawo siziŵapulumutsa kumlandu. Ngati galimoto yaikulu yodziŵika ndi aliyense iyenera kusamala chotero, nanji kagalimoto ka nyali imodzi!

Wodzipereka wanzeru

Wodzipereka wanzeru amadziŵa kuti ntchito yake yoyamba ndi kufika wamoyo. Asanalize galimoto amamanga lamba. Nyali yake amaiika pamalo pamene siingamthobwe m'maso iye mwini. Manja ake onse aŵiri amakhala pachiongolero, osati palamya. Ngati wamwa moŵa, kapena wamwa mankhwala opatsa tulo, sanyamuka n'komwe, pakuti malo ake angathe kutengedwa ndi wina.

Akapeza galimoto ina patsogolo, saiyandikira kwambiri ngati akufuna kuikankha. Amasiya mpata, napatsa woyendetsayo nthaŵi yoona nyali ndi kupeza malo abwino opatukira. Sapitirira mnzake pokhota, pamlatho kapena pachitunda pamene kutsogolo sikuoneka. Wina akakana kumpatsa njira, iye sakwiya kapena kuliza hutala mwaukali. Amakumbukira kuti adapempha, ndipo wopempha amayembekeza. Uthenga ukabwera wakuti moto wazima kale, amazimitsa nyali yake nthaŵi yomweyo.

Pofika pamalo a ngozi pafunikanso nzeru. Odzipereka akaimika magalimoto awo paliponse, galimoto yaikulu yonyamula madzi ndi makwerero imasoŵa poloŵera. N'chifukwa chake amaimika chapatali, onse mbali imodzi ya mseu, osatseka zipata kapena mipope yotungapo madzi ozimitsira moto. Lamulo la ku New York limaletsa magalimoto wamba kulondola galimoto yozimitsa moto moyandikira koposa mamita 60, ndiponso limaletsa kuponda mapaipi a madzi oyalidwa pamseu popanda chilolezo. Usiku nyali zambiri zothwanima pamalo amodzi zimathobwa m'maso oyendetsa ena, kotero kuti saona anthu amene aima pamseu. Motero nyali zosafunika ziyenera kuzimitsidwa, ndipo othandiza avale malaya onyezimira.

Kugwira ntchito m'mbali mwa mseu ndi koopsa ndithu. Apolisi aŵiri a m'chigawo cha New York, Robert Ambrose ndi Glenn Searles, adafa atagundidwa ndi magalimoto ali pantchito yotere. Poŵakumbukira, boma la chigawocho lidakhazikitsa lamulo lotchedwa ndi maina awo, limene lidayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2011. Lamulolo limati woyendetsa akaona galimoto yothandiza pangozi itaima m'mbali mwa mseu nyali zikuthwanima, achepetse liŵiro, ndipo pamseu waukulu asunthire kumzere wina ngati n'kotheka. M'chaka cha 2017 lamuloli lidayamba kutetezanso odzipereka a nyali zabuluu ndi zobiriŵira. M'chaka cha 2024 lidafutukulidwa kuti liteteze galimoto iliyonse yoima m'mbali mwa mseu waukulu. Apa nzeru ya malamuloŵa ikuoneka bwino. Wodzipereka akamayenda, nyali yake imapempha. Akaima kuti athandize ovulala, lamulo limamtchinjiriza.

Mbali ya anthu ena

Odi amafuna yankho. Pempho la nyali lingakhale lopanda phindu ngati anthu ena salilabadira. Ngakhale lamulo silimkakamiza, woyendetsa wamakhalidwe akaona nyali yabuluu kapena yobiriŵira kumbuyo kwake, ayenera kufuna malo abwino, kupereka chizindikiro, ndi kupatuka mosadzidzimutsa ena. Amataya kanthaŵi kochepa. Ndipo iye sadziŵa kumene wodziperekayo akupita. Mwina nyumba imene ikupsayo ndi yake yomwe, ndipo wodwalayo ndi mayi wake.

Koma munthu sangayankhe pempho limene sakulimva. Mitundu ya nyali imasiyana m'maiko ndi m'zigawo. Ku Britain nyali yabuluu ndi ya apolisi, maambulasi ndi magalimoto ozimitsa moto, ndipo yobiriŵira ndi ya dokotala wopita kwa wodwala mwakayakaya. Ku Ontario, chigawo cha dziko la Canada chimene chachita malire ndi New York, ozimitsa moto odzipereka adaloledwa nyali yobiriŵira m'chaka cha 1994. Kumenekonso nyaliyo ndi yopempha chabe. Matauni ambiri a ku Ontario adazika zikwangwani m'mbali mwa miseu zofotokoza tanthauzo la nyaliyo, kuti ngakhale mlendo adziŵe. Imeneyi ndi njira yabwino. Kuphunzitsa anthu kumathandiza koposa kuonjezera liŵiro.

Mphamvu yonse ya nyali yopempha yagona pa kukhulupirirana. Anthu amapatuka chifukwa amakhulupirira kuti mwini nyaliyo akunena zoona. Wodzipereka mmodzi akaiyatsa pofuna kufika msanga kumpira, anthu amadziŵa, pakuti m'mudzi simubisika kanthu. Tsiku lina akadzaona nyali ina, adzati ndi maseŵera omwe aja, ndipo sadzapatuka. Munthu wotere amafanana ndi wokuwa mfuu yabodza usiku. Amalakwira gulu lonse, ndiponso amalakwira wodwala amene adzachedwerwe chithandizo. Mkulu wa gulu akamlanda chilolezo, sanamlakwire ayi.

Phunziro kwa ana

M'miseu ya ku Malaŵi namonso mumadutsa maambulasi, magalimoto a apolisi ndi ozimitsa moto, nyali zikuthwanima. Mwana wa sukulu sayendetsa galimoto, koma nayenso ali ndi mbali yake. Akaona nyali yothwanima kapena kumva sayirini, achoke mumseu n'kuima patali. Asayese kuoloka mothamanga poganiza kuti afika tsidya galimoto isanafike. Ikadutsa, ayang'anenso mbali zonse ziŵiri, chifukwa kaŵirikaŵiri kumbuyo kumabwera ina. Wokwera njinga atsike n'kuikokera pambali. Woŵeta ziŵeto azitalikitse kumseu. Ndipo ana asathamangire galimotoyo kapena kuunjikana pamalo a ngozi, pakuti khamu la oonerera limatseka njira ya othandiza.

Ena mwa ana a Sitandade 5 adzakhala madalaivala, anamwino, apolisi ndi ozimitsa moto. Ena adzadzipereka kuthandiza anzawo popanda malipiro, monga adachitira anthu a ku Philadelphia aja. Tsiku limenelo adzafunika zinthu ziŵiri: mtima wofulumira kuthandiza, ndi mutu wodekha. Mtima wokha ungathe kumgwetsera munthu m'ngalande asanafike. Wothandiza weniweni ndi amene amanena odi, nadikira yankho, nafika pamoto ndowa yake ili yodzaza.

Mau ofunika kuŵadziŵa

kudzipereka: kugwira ntchito mwa kufuna kwako, osayembekeza malipiro
kuthwanima: kuŵala mozima ndi kuyaka
chilolezo: mau kapena kalata yovomereza munthu kuchita chinthu
mphambano: malo amene miseu imakumanirana
kuika pachiswe: kuika chinthu pamalo pamene chingaonongeke
kuthobwa m'maso: kulephera kuona chifukwa cha kuŵala kwambiri
nkhambakamwa: nkhani yongolankhula, yopanda umboni
kutchinjiriza: kuteteza

Mafunso

1. Kodi Benjamin Franklin adayambitsa gulu lake m'chaka chiti, ndipo mumzinda uti?
2. Fotokozani kusiyana kwa wozimitsa moto wolembedwa ntchito ndi wodzipereka.
3. Kodi nyali yabuluu ndi nyali yobiriŵira zimatanthauza chiyani ku New York?
4. Tchulani malamulo atatu amene mwini nyali yabuluu ayenera kusunga.
5. Chifukwa chiyani nyali ya wodzipereka yafanizidwa ndi mau akuti "Odi"?
6. Kodi otsutsa malamuloŵa amapereka zifukwa zotani?
7. Chimachitika n'chiyani kumoto wodzipereka akachita ngozi panjira?
8. Kodi mwana wokwera njinga achite chiyani akamva sayirini?

Ntchito

A. Perekani matanthauzo a miyambi iyi:
1. Mnzako akapsa ndevu mzimire, maŵa adzazima zako.
2. Kuthamanga sikufika.

B. Pangani ziganizo zomveka bwino ndi mau aŵa: liŵiro, kupatuka, kulabadira, kudekha, khamu.

C. Wodzipereka wina amakhala pamtunda wa makilomita 12 kuchokera kunyumba ya ozimitsa moto. Adzatenga mphindi zingati akayenda pa liŵiro la makilomita 60 pa ola? Nanga akayenda pa liŵiro la makilomita 90 pa ola? Wapindula mphindi zingati?

D. Kambiranani m'magulu mutu uwu: "Munthu wopita kukapulumutsa moyo ayenera kumvera malamulo onse a pamseu." Gulu lina livomereze, lina litsutse. Pambuyo pake aliyense alembe ndime imodzi yofotokoza maganizo ake.